Ndani Adzamuitana Bartimeyo?

Ulaliki wa pa wailesi, Lamulungu la 30 la pa Chaka. Mthenga Wabwino: Marko 10:46-52.



Pa wailesi tonse timafanana. Inu simukutiona ife, ifenso sitikukuonani inu. Chotilumikiza ndi mau okha. Nchifukwa chake tikudziŵa kuti pakati pa omvera athu okhulupirika alipo ambiri amene maso ao sapenya. Inu abale ndi alongo athu osaona, tikupatsani moni wapadera. Lero tilankhula za inu muli pomwepo, ndipo tikalakwitsa mutikonze.

Mthenga Wabwino wa lero watifikitsa potulukira mzinda wa Yeriko. Pambali pa mseu padakhala munthu wosaona, dzina lake Bartimeyo, mwana wa Timeyo, akupemphapempha. Atamva kuti amene akudutsa ndi Yezu wa ku Nazarete, adayamba kufuula kupempha chifundo. Anthu ambiri adamzazira kuti akhale chete, koma iye adafuulirafuulira. Apo Ambuye adaima. Tsono tiyeni tiyang'anitsitse chimene adachita: sadapite okha kukamtenga ai, adalamula anthu aja kuti amuitane. Khamu lomwe lija limene linkamzazira ndilo lidamlimbitsa mtima kuti adzuke. Bartimeyo adataya chofunda chake, adalumpha, nafika. Ndipo ngakhale khungu lake lidaali poyera, Ambuye adayamba amfunsa chimene iye mwini ankafuna. Pothera pake, munthu amene adaali pambali pa mseu tikumpeza ali mu mseu, akupenya, akuyenda pamodzi ndi anzake.

Pakati pa Bartimeyo ndi chithandizo chake padaali khamu la anthu, ndipo khamu limenelo ndife. M'dziko lathu lino zilipo zipatala za maso, alipo masukulu a ana osaona, alipo mabungwe ophunzitsa ntchito zamanja. Koma chipatala sichiyenda, sukulu ilibe miyendo. Kamtunda kotsiriza, kochokera pa mseu waukulu kukafika kuseri kwa nyumba kumene wosaona wakhala pa mkeka, palibe nduna kapena dotolo amene angakayende m'malo mwathu. Ndife achibale, ndife oyandikana nyumba, ndife a mumphakati amene tingathe kumkhalitsa chete munthuyo kapena kumuitana.

Poyamba tiganize za maso amene angathe kupenyanso. Mwa zonse zimene zimachititsa khungu pa dziko lapansi, chotsogola ndi ng'ala, kuyera kuja kumene kumadza pakati pa diso, makamaka munthu akamakalamba. Ambiri a ife timangoti ndi ukalamba. Ena timati agogo adaŵalodza, nkuyamba kulozana zala pa chibale. Chonsecho ng'ala imachotsedwa. Dotolo amatulutsa kagalasi ka m'diso kamene kachita chifunga, naikamo kena kochita kupanga. Ntchito yake siitenga ngakhale ola lathunthu, ndipo kaŵirikaŵiri m'maŵa mwake, pomasula kansalu, munthu amaona nkhope za adzukulu ake. Zimenezi zimachitika ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, ndi kwina kotero. Nthaŵi zina madotolo a maso amayenderanso zipatala za m'maboma. Nanga bwanji agogo athu akhala mu mdima zaka ndi zaka? Padasoŵa woŵauza, padasoŵa woŵaperekeza, padasoŵa ndalama ya basi. Pa maliro ao tidzasonkha ufa ndi nkhuni mosachedwa. Kodi nchiyani chikutiletsa kusonkha lero, akadali moyo?

Umboni ulipo wakuti anthu a m'mudzi akagwirizana khungu limathaŵa. Nthenda ya trakoma, imene imafala ndi ntchentche, manja ndi nsalu zopukutira kumaso, idapha maso a anthu ambiri kuno kwathu. Ikamgwira munthu mobwerezabwereza, chikope chimapindikira m'kati, nsidze nkumakanda diso usana ndi usiku mpaka kuliwononga. Koma mu Seputembala 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalengeza kuti trakoma yaleka kukhala vuto lalikulu la umoyo m'Malaŵi, ndipo dziko lathu lidaali loyamba kufika pamenepo kummwera kwa Afrika kuno. Mankhwala adachokera kutali, inde. Koma amene adaŵafikitsa mudzi ndi mudzi ndi alangizi a zaumoyo, mafumu, aphunzitsi ndi anthu ongodzipereka. Amene adasambitsa ana kumaso nakumba zimbudzi ndinu amai ndi abambo. Tisagone tsono. Mwana alandire katemera wa chikuku ndi vitamini A ku sikelo, pakuti chikuku chikapeza mwana wosoŵa zakudya chimatha kumuwononga maso. Ndipo diso likafiira, tisadonthezeremo madzi a masamba kapena a mizu. Maso ambiri adafera pamenepo. Tithamangire ku chipatala.

Chachiŵiri, tiganize za mwana amene maso ake sadzapenyanso. Kodi iyeyo nkhani yake yatha? M'chaka cha 1809, m'mudzi wa Coupvray pafupi ndi mzinda wa Paris ku France, mudabadwa mwana dzina lake Louis Braille. Bambo wake adaali mmisiri wa zikopa. Ali ndi zaka 3, mwanayo adadzibaya m'diso ndi chitsulo choboolera zikopa. Nthenda idaloŵanso m'diso linalo, ndipo posakhalitsa sadaonenso konse. Masiku amenewo njira ya mwana wotere idaali imodzi, ya kupempha. Koma wansembe wa parishi yao, Bambo Jacques Palluy, adaona nzeru za mwanayo, adayamba kumphunzitsa, nampezera malo pa sukulu ya m'mudzimo. Mu 1819 mwanayo adapita ku sukulu ya ana osaona ku Paris. Kumeneko, mu 1824, ali ndi zaka 15 zokha, adakonza kalembedwe ka timadontho totukuka tooŵerenga ndi nsonga za zala. Timadontho take ndi 6 basi, koma tikasanjidwa mosiyanasiyana timapereka zizindikiro 63, zokwanira malemba, manambala ndi nyimbo zomwe. Iye adamwalira mu 1852, koma mpaka lero ana osaona a pa dziko lonse, ndi a Chicheŵa omwe, amaŵerenga ndi kulemba m'njira yakeyo. Tangoganizani akadasoŵa munthu mmodzi uja womuitana!

Kuno kwathu ntchito yophunzitsa ana osaona idayamba m'zaka za m'ma 1950, pamene amishoni a mipingo inzathu adatsekula masukulu ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Tiŵathokoze poyera, pakuti adatitsogolera. Pambuyo pake Abulazala a FIC adayamba kusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva ku Montfort, pa Nguludi m'boma la Chiradzulu. Aphunzitsi otere amagwira ntchito m'zipinda zapadera pa masukulu ena a pulaimale. M'menemo mwana amaphunzira kalembedwe ka Braille ndi kayendedwe, kenaka nkukakhala m'kalasi limodzi ndi anzake openya, nalemba mayeso omwewo. Zosoŵa nzambiri: mapepala, makina olembera, mabuku, ngakhale chakudya cha ana ogonera pa sukulu. Komabe chitseko nchotsekula, ndipo ena amene adaloŵapo lero ndi aphunzitsi a ana athu.

Tsono tifunse: ndi ana angati amene sadafike pa chitseko chimenecho chifukwa cha ife? Alipo makolo amene amabisa mwana wosaona alendo akabwera, ngati kuti ndi chilango kapena manyazi a banja. Alipo ena amene amamkonda kwambiri mwanayo, kotero kuti samlola kutunga madzi, kusesa, kapena kuseŵera ndi anzake, kuwopa kuti angagwe. Onse aŵiriŵa akumkhalitsa chete Bartimeyo, wina ndi manyazi, wina ndi chifundo chopanda nzeru. Inu makolo, khungu la mwana wanu si tchimo lanu ndipo si tchimo lake. Koma inu simudzakhala naye mpaka muyaya. Tsiku limene mudzatsikira kuli chete, adzatsala ndi chimene mudamphunzitsa. Pitani kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya kwanuko, kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, mukafunse kumene kuli mphunzitsi wa ana osaona.

Chachitatu, tiganize za munthu wamkulu amene khungu lampeza ali kale pa banja ndi pa ntchito. Akuluakulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Nthenda ya shuga, ngozi ya pa mseu, ukalamba: palibe mmodzi wa ife amene adapangana ndi maso ake. Munthu wotere amayamba walira, ndipo nkoyenera kulira naye. Koma akatha kulira angathe kuphunziranso moyo. Angaphunzire kuyenda yekha ndi ndodo yoyera, imene imamuuza za dzenje ndi mwala, niwuzanso oyendetsa galimoto ndi njinga kuti asamale. Nchifukwa chake pa 15 Okutobala chaka ndi chaka maiko ambiri amakumbukira ndodo imeneyi. Angaphunzire kuphika, kulima motsata chingwe, kuŵeta nkhuku, kuluka, kugulitsa malonda, ngakhale kugwiritsa ntchito lamya ndi kompyuta zolankhula. Lamulo la 1971 lidakhazikitsa bungwe la MACOHA, limene kuyambira 2024 likutchedwa MACODA, kuti lithandize anthu olumala kudziimira paokha. Fakitale yake ya ku Bangwe idatchuka ndi zoluka za manja a anthu osaona ndi olumala ena. Abale athu osaona alinso ndi bungwe lao la iwo eni, la Malawi Union of the Blind, kumene amadzilankhulira okha.

Tikapanda kumlumikiza munthu ndi zithandizo zimenezi, chotsatira chake timachiona m'misika ndi m'madepoti a basi: bambo kapena mai wosaona akupempha, kutsogolo kwake kamwana kakugwira ndodo pa nthaŵi imene anzake ali m'kalasi. Ife timaponya kandalama m'mbale nkumapita mtima uli mbee. Kupatsa sikulakwa. Koma tidziŵe kuti pamenepo pakhala anthu aŵiri pambali pa mseu, ndipo wachiŵiriyo maso ake ngabwinobwino. Anthu a ku Yeriko naonso ankamponyera tindalama Bartimeyo masiku onse. Chimene adaalibe ndi womuitana.

Ife ansembe tisadzichotsemo. Tsiku lina pa tchalitchi lina la kumudzi, itatha Misa, tidapeza bambo wina wosaona atakhala pafupi ndi khomo, pamalo pamene ankakhala Lamulungu lililonse. Tidapisa m'thumba kuti tiŵapatse kangachepe. Iwo adabweza dzanja lathu mwaulemu nati: "Abambo, ndalamayo sungani. Ine ndidapita ku sukulu, ndimaŵerenga ndi zala. Zaka zonsezi palibe adandipemphapo kuti ndiŵerenge Mau a Mulungu m'tchalitchi muno." Tidasoŵa poyika nkhope. Tidaganiza m'malo mwao, osaŵafunsa, pamene Ambuye amene adadziŵa zonse adayamba afunsa. Patapita masabata angapo bambo aja adaima kutsogolo, zala zikuyenda pa pepala, ndipo mpingo wonse udangoti zii kumvetsera.

Nanga tichitenji sabata ino? Mutu umodzi susenza denga. Choncho tikupempha mphakati uliwonse, pa msonkhano wake wotsatira, uŵerenge maina a anthu osaona ndi openya movutikira a m'dera lake, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, Asilamu ndi osapemphera omwe. Musankhe anthu aŵiri oti akaŵachezere ndi kuŵafunsa chimene iwo eni akufuna. Woyenera kupimidwa maso, mumsonkhere ya ulendo ndipo wina amperekeze. Mwana wa msinkhu wa sukulu, mumfikitse kwa aphunzitsi. Kamwana kogwira ndodo, mukamasule posinthana ntchito yoperekeza kholo lake. Ndipo pamene pakulembedwa maina a chithandizo cha m'mudzi, kapena posankha atsogoleri, muwonetsetse kuti wosaona sadaiŵalike chifukwa choti sadaone chikalata chopachikidwa pa mtengo.

Tisamalenso tinthu ting'onoting'ono ta ulemu. Pomlonjera munthu wosaona tidzitchule dzina, ndipo pochoka timuuze, kuti asatsale akulankhula ndi mphepo. Tilankhule ndi iye mwini, osati ndi womperekeza. Tisamkoke ndi ndodo kapena malaya. Timfunse ngati afuna thandizo, ndipo akavomera agwire chigongono chathu, ife titsogole pang'ono. Pakhomo tisasunthe zinthu zake osamuuza, tisasiye khasu kapena mtondo pa njira yake.

Inu abale ndi alongo athu osaona, Bartimeyo sadaleke kufuula pamene ankamletsa. Inunso musaleke. Funsani malo anu pa sukulu, pa ntchito, pa bwalo la mfumu ndi m'tchalitchi, pakuti malowo nganu, si mphatso yochokera kwa ife ai. Ndipo chofunda chakale cha mantha muchitaye.

Ambuye amene adaima pa mseu wa ku Yeriko atsekule makutu athu kuti timve kufuula kwa anzathu, alimbitse miyendo yathu kuti tikaŵaitane, ndipo atiyendetse tonse pa mseu umodzi. Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.