Wanchito si waulesi, wataya mtima

Lero tikambe za mau amene eni minda akhala akutinenera zaka zambiri, akuti wanchito wa kumudzi ndi waulesi. Ife tikukana. Munthu yemweyo amene amazemba pa esiteti amalawirira mbandakucha kumunda kwake, nalima mpaka dzuwa lifike paliwombo. Tsono ulesiwo umamgwira pa chipata cha bwana pokha?

Kumbukirani thangata. Ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce, munthu ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho. Koma mweziwo unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku limene sanamalize mgwazo silinkalembedwa; motero mwezi umodzi unkafika masabata 6 kapena kuposa. Ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama. Munthu wotere akanaikapo mtima bwanji? Ankapalira pamene kapitao akuyang'ana, akapotoloka khasu n'kugona pansi. Ena ankanamizira kudwala, ena n'kuthawa usiku. Mu 1915 mkwiyo unaphulika, ndipo W. J. Livingstone, woyang'anira mindayo, anaphedwa. Nchito ya thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Koma nthendayo sinathe nayo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo la WHO linalemba kuti kupanikizika pa nchito kosalekeza kumabala zinthu zitatu: kutheratu mphamvu, kuchotsa mtima pa nchito, ndi kulephera zimene kale unkazitha. Madotolo achedwa, agogo athu anazidziwira pamsana pao.

Zimayamba pang'onopang'ono. Mai wothyola tiyi amuonjezera makilo, pa sikelo n'kumudula, kunyumba mwana ali gone. Akadandaula, amuuza kuti pa chipata pali ambiri ofuna malo akewo. Nchito saisiya, pakuti chimanga n'chogula, koma amasiya kulankhula. Akaona tizilombo tagwira mitengo ya tiyi, amangodutsa. Mwini munda amataya zambiri osadziwa, koma ife sitikulirira iye ai. Tikulirira maiyo, amene amafika kwao madzulo alibe ndi mphamvu yomwe yokalipira mwana.

Lamulo la nchito la 2000 limati maola asapitirire 48 pa sabata, ndipo oonjezera alipidwe padera. Choncho pa msonkhano ukudzawu, aliyense wogwira pa esiteti abwere atawerenga maola ake a sabata imodzi. Mlembi wathu adzawalemba m'buku popanda kutchula dzina la munthu, ndipo tidzasankha anthu atatu oti akawatule kwa mkulu woona za nchito ku boma.