THEKA LA TSAMBA PA TSIKU

Mau amene mphunzitsi wacinyamata wa m'dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa, analankhula pa msonkhano wa Bungwe lathu.

 Ena a inu munayamba kuphunzitsa ine ndisanabadwe, cotero sindidzayesa kukuphunzitsani ai. Ndidzangokufotokozerani m'mene ndinagwera pa nchito ya kulemba, ndi m'mene ndinadzukira, kuti amene ali ndi mtima wofuna kulemba asagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Poyamba ndinene cimene cinandikokera ku nchitoyi. Dziko lathu lino liri ndi mbiri yaitali. Mu January 1856 David Livingstone anafika pamene Luangwa athira m'Zambezi, naona mabwinja a chalichi ndi belu losweka. Boma la Portugal litasintha mu 1910, ansembe a ku Miruru anaoloka Luangwa nakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Zonsezi tizidziwa bwino cifukwa alendowo anali ndi cizolowezi ca kulemba zocitika za tsiku ndi tsiku. Nanga Ansenga ndi Acikunda amene anawaolotsa m'mabwato, nawasonyeza njira, mau ao ali kuti? Ambiri ali m'mitu ya nkhalamba zokha, ndipo nkhalambazo ziri kutisiya. Ana athu aphunzira kuwerenga Cinyanja m'mabuku onena za maiko ena, koma za mtsinje umene atungamo madzi sapezamo kanthu. Ndinati mumtima mwanga, "Ine ndidzalemba."

M'mudzi wina pafupi ndi sukulu yathu munali ambuya ena amene anapalasa bwato moyo wao wonse. Iwo anali kudziwa dzina la dziwe liri lonse ndi cisumbu ciri conse, ndi m'mene makolo anali kuolokera ku Zumbo masiku a Feira, dzina limene boma lathu linachedwa kale. Ndinayamba kuceza nao madzulo, ndipo pobwera ndinali kulemba zonse usiku womwewo. Ndinalumbira kuti buku lidzatha temu isanathe.

Mudziwa nonse kuti ciyambire 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana acuruka m'makalasi mwathu. Ico n'cinthu cokondweretsa, komatu makope oconga acurukanso. Ine ndinali ndi ana oposa 70. Ndikaweruka ndinali kuconga makope, ndi kukonza maphunziro a mawa, ndi kupita kwa ambuya aja, ndi kuphika. Tsono cakumapeto, anthu onse atagona, ndinali kuyatsa nyali ndi kulemba kufikira pakati pa usiku, nthawi zina kufikira tambala woyamba. Unali mwezi wa October, ndipo inu a m'cigwa muno simufuna kuti ndikuuzeni za kutentha kwa nyumba ya malata m'mwezi umenewo. Thukuta linali kudonthera pa pepala, udzudzu uli kudya miyendo. Koma ndinali kudzitama mumtima kuti ndine munthu wa cangu.

Ndinatero masabata atatu. Sabata yacinai ndinaodzera pa tebulo m'kalasi ana ali kupenya. Ndinaconga masamu olondola kuti ngolakwa. Tsiku lina ndinakalipira kamtsikana kofatsa cifukwa ca kufunsa funso kawiri, ndipo kanalira, ndi kukhala masiku awiri osabwera ku sukulu. Pambuyo pace malungo anandigwetsa. Nditacira ndinapeza cinthu cimene sindinaciyembekeze: kope limene ndinali kulikonda ndinayamba kudana nalo. Kungoliona pa alumali mutu unali kulemera. Ndinalibisa pansi pa sutikesi, ndipo miyezi inai inapita osalemba ngakhale mzere umodzi.

M'miyezi imeneyo ambuya aja ananditumira mwana kawiri ndi mau akuti, "Aphunzitsi abwere, dzuwa langa lapendeka." Ine ndinayankha kuti ndidzabwera nchito ikacepa. Anamwalira m'nyengo ya dzinja, nkhani ya ulendo wao waukulu wa pa Zambezi atangoinena theka. Theka linalo palibe adzalimvanso. Anzanga, akulu anati kuthamanga sikufika. Ndikadayenda pang'onopang'ono ndikadaimva nkhani yonse.

Nditaganizira bwino ndinaona pamene panali colakwa. Mphamvu imene munthu alembera ndi yomweyo imene aphunzitsira: kuchera khutu, kusankha mau, kuleza mtima. Mphunzitsi amene waima pa bolodi tsiku lonse wamwa kale m'citsime cimeneco, ndipo akalemba usiku ali kukongola mphamvu ya mawa. Ngongole yotere iri ndi ciongoladzanja cowawa, ndipo amene ailipira ndiwo ana a m'kalasi.

Cinandithandiza ndico kumva za ena amene analemba ali pa nchito. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma ku Malawi pamene buku lace Nthondo linalandira mphotho mu 1933, ndipo mu 1934 linatuluka m'Cingerezi. Mabuku ace ena, monga Mbiri ya Acewa, anatsata patapita zaka zambiri. Sanawatulutse onse m'temu imodzi. Ku England kunali Anthony Trollope, amene anagwira nchito ya positi zaka zoposa 30, nalemba mabuku a nthano 47. Iye anali kukhala pa tebulo hafu pasiti 5 m'mamawa, wochi iri patsogolo pace, ndi kulemba mau 250 pa mphindi 15 ziri zonse, ndipo nthawi ya nchito ikakwana anali kuleka. Muyeso wace sitingathe kuufikira, pakuti iye anali ndi wanchito womdzutsa ndi khofi, pamene ife tidzitungira tokha madzi. Koma nzeru yace ingathe kukhala yathu: nthawi yoikika, muyeso woikika, ndi kuleka pa nthawi yace.

Tsono nali dongosolo limene ndakhala nalo tsopano caka cathunthu osadwala nalo.

Ndilemba m'mamawa, kunja kukali kozizira, ndisanalankhule ndi munthu. Mphindi 30 zokha, Lolemba kufikira Lacisanu. Kuti m'mawa mukhale wanga, madzulo ndiyamba ndatsiriza za sukulu, ndipo nyali ndizima 9 koloko. Makope a ana ndi kope langa sizikhala pa tebulo nthawi imodzi, cifukwa zikakhala pamodzi ndiconga ndiri kuganiza za nkhani, ndipo ndilemba ndiri kudandaula za makope.

Muyeso wanga ndi theka la tsamba, ndiwo mau ngati 100. Mwina wina aseka kuti ico n'cacing'ono. Tiyeni tiwerenge monga aphunzitsi a masamu. Mau 100 masiku asanu ndiwo 500 pa sabata. Temu ya masabata 13 ipatsa mau 6,500, ndipo matemu atatu apatsa 19,500. Limenelo ndi buku lokwanira kuwerengedwa m'kalasi, lolembedwa popanda kukhudza masiku a chuthi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Cinthu cobvuta koposa ndico kuleka pamene mau ali kubwera bwino. Mtima umati, "Pitiriza, lero kwaca bwino." Koma ndaphunzira kuika colembera pansi ndikali kudziwa cimene cidzatsata, ndi kulemba m'mphepete mau awiri atatu ondikumbutsa. Mawa lace sindiyamba pa pepala loyera. Ndipeza moto wofukirira pansi pa phulusa, ndingokoleza. Mai wanzeru sapala moto wonse m'mafuwa.

Ndalekanitsanso kutola ndi kulemba. Loweruka masana ndilo tsiku la kuceza ndi akulu. Ndipita ndi kabuku ka m'thumba, ndipo akalola nditenga mau ao pa foni. Tsiku limenelo sindikonza ziganizo ai, ndingomvetsera. Ngati nthawi icepa, ndisankha kutola, cifukwa pepala lidikira koma nkhalamba siidikira. Ici ndinaciphunzira pa mtengo wowawa.

Tsiku la Sabata sinditsegula kope konse. Ndiponso ziripo nyengo zimene ndilitseka dala: sabata ya mayeso, masiku a kubzala, ndi masiku amene a kwathu agona ku minda kupitikitsa njobvu, ine ndi kupita kukawathandiza. Tsiku limene ndalephera kulemba sindiliyesa ngongole. Kale ndikaphonya masiku atatu ndinali kufuna kubweza onse usiku umodzi, ndipo ndimo m'mene kudwala kunayambira. Tsopano ndikaphonya ndingobwerera ku theka langa la tsamba ngati kuti palibe cacitika.

Cotsiriza, sindilemba ndekha. Lacisanu liri lonse, mphindi khumi zomariza, ndiwerengera ana zimene ndalemba m'sabatayo. Iwo sadziwa kunyengerera: pamene nkhani yazizira ayamba kusuzumira pa zenera, ndipo ndidziwa kuti ndime imeneyo ifuna kukonza. Tsiku lina mnyamata wina anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, dziwe limenelo agogo anga salichula tero." Anali kunena zoona, ndipo Loweruka lotsatira ndinali pakhomo pa agogo acewo. Kamtsikana kaja ndinakakalipira, ndinakapepesa pamaso pa anzace, ndipo lero ndiko kamene kandikumbutsa Lacisanu ndikaiwala.

Ndikupemphani kuti mudzipenyerere zizindikiro izi, cifukwa zifika malungo asanafike: kupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, kugona osapeza tulo, kuwerenga ndime imodzi katatu osaimva, ndi kuipidwa poona kope. Mukaona zimenezi tsekani kope sabata yathunthu, mugone, muceze ndi anthu. Kutero sikulephera. Mlimi agoneka munda kuti udzabalenso.

A Pampando, ndiri ndi pempho limodzi kwa Bungwe. Kalata yathu ituluka kanai pa caka. Bwanji mphunzitsi ali yense wofuna atumize masamba awiri okha pa miyezi itatu, onena za mudzi umene ali: dzina la phiri ndi ciyambi cace, kasodzedwe ka nsomba, kalukidwe ka mphasa za bango, mbiri ya sukulu yace. Masamba awiri ndiyo nchito ya masiku anai pa muyeso wanga, ndipo palibe adzadwala nayo. Tikhalenso awiri awiri, wina kuwerengera mnzace ndi kumdzudzula akayamba kucezera usiku, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tikatero, patapita zaka ziwiri tidzakhala ndi zowerenga za m'cigwa cathu zokwanira kuika m'manja mwa mwana wa Giredi 4.

Kope lija ndinalitulutsa pansi pa sutikesi, ndipo ndiri nalo pano. Nkhani ya ambuya aja ndaisiya pamene iwo anaisiyira, ndipo tsamba lotsatira ndalisiya loyera. Ngati alipo wina pano amene adziwa mkulu amene anapalasa nao bwato limodzi, conde tionane pa nthawi ya tiyi.