CHAKUDYA CHA AMAI ODWALA NTHENDA YA MATHUMBA A MAZIRA

Mau olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe

Pakati pa milandu imene ifika kwa ankhoswe, wowawa koposa ndi wa banja losaona mwana. Kawirikawiri mkazi ndiye anyozedwa, mbuzi ndi ndalama zithera kwa asing'anga, ndipo potsiriza ukwati upasuka. Koma ena mwa amai otere ali ndi nthenda yodziwika bwino kwa madokotala, imene mphamvu yake ikhoza kuchepetsedwa ndi chakudya cha pakhomo.

Nthendayi anailongosola madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, m'chaka cha 1935, ndipo pambuyo pake inadziwika ndi malemba anai akuti PCOS. Igwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa akazi 10 a msinkhu wobereka, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti ali nayo. Zizindikiro zake ndi msambo wodumphadumpha kapena wosowa miyezi yambiri, ndevu ndi ubweya wa pachifuwa, ziphuphu zosatha, kunenepa pamimba, kuthimbirira kwa khungu pakhosi ndi m'khwapa, ndi kuvutika kutenga pathupi. Akatswiri amene anakomana ku Rotterdam mu 2003 anapangana kuti dokotala atsimikize nthendayi akapeza ziwiri mwa zinthu zitatu: dzira losakhwima pa nthawi yake, kuchuluka kwa mahomoni achimuna, ndi timatumba tambiri tooneka m'mathumba a mazira pounika ndi makina.

Nanga chakudya chilowapo bwanji? Nsima, mpunga ndi buledi zikafika m'mimba zisanduka shuga, ndipo kapamba atulutsa insulini, amene ali ngati mfungulo yotsegulira shugayo khomo kuti alowe m'minofu. Mwa amai ambiri odwala nthendayi khomolo ndi louma, kotero kuti thupi likakamizika kutulutsa insulini wochuluka. Insulini wochulukayo ndiye asonkhezera mathumba a mazira kupanga mahomoni achimuna, ndipo dzira lilephera kukhwima. Chotero chakudya chothandiza ndi chimene chitulutsa shuga wake pang'onopang'ono, osati chothamangira m'magazi nthawi imodzi.

Chakudya chotere sichichokera kutali ai. Chili m'nkhokwe ndi m'dimba. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, pakuti isunga gaga amene atayidwa pokonola. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zikhutitsa nthawi yaitali. Usipa, matemba, mazira ndi nkhuku zimanga thupi. Bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru ndi therere zisasowe, ndipo nsinjiro ziloweko m'malo mwa mafuta ochuluka okazingira. Pogawa mbale, theka likhale la masamba, ndipo theka linalo agawane nsima ndi ndiwo zomanga thupi. Chipatso chidyedwe chathunthu, osati chofinya. Uphungu wa magulu 6 a zakudya umene uphunzitsidwa ku sikelo ndiwo maziko ake.

Zoyenera kuchepetsa nazo ndi zodziwika: tiyi wothira shuga wambiri, mandasi, masikono, tchipisi, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo. Botolo limodzi la 300 ml la chakumwa chotsekemera lisunga shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8. Kudzimana chakudya usana wonse ndi kudzakhuta mopitirira madzulo sikuthandiza; koposa ndi kudya mwa muyezo pa nthawi zake.

Kwa mai wonenepa, madokotala apeza kuti kutsitsa magawo 5 kufikira 10 mwa magawo 100 a kulemera kwake kukhoza kubwezera msambo m'malo mwake. Ndiye kuti mai wa makilogalamu 80 ayambe ndi makilogalamu 4 okha. Pamodzi ndi chakudya pafunika nchito yotulutsa thukuta, monga kuyenda ndawala, kulima kapena kupalasa njinga, mphindi 150 pa sabata. Koma kudziwike kuti nthendayi igwiranso amai ochepa thupi. Iwowa asadzipanikize ndi njala, angosankha bwino chimene adya.

Mamembala achenjere ndi ogulitsa ufa ndi zitsamba zimene azitama kuti zichiritsa nthendayi. Malangizo a akatswiri a maiko ambiri a mu 2023 anena poyera kuti palibe kadyedwe kamodzi kamene kaposa ena onse. Chofunika ndi chakudya chabwino chimene munthu angathe kuchitsata moyo wake wonse. Chakudya sichilowa m'malo mwa chipatala. Kuli mankhwala monga metformin wothandiza pa insulini, ndi letrozole wokhwimitsa dzira, amene aperekedwa ndi dokotala atamuyesa munthu. Mai amene wakhala miyezi 3 osasamba, koma alibe pathupi, apite akapimidwe, pakuti kukhalitsa chomwecho kukhoza kuononga mkati mwa chiberekero. Ayesedwenso shuga ndi kuthamanga kwa magazi kawirikawiri, popeza nthendayi itsegula njira ya matenda a shuga.

Mau otsiriza apite kwa abambo. Mkazi sangaphike miphika iwiri tsiku ndi tsiku, wina wa iye yekha ndi wina wa banja. Ndipo ngati mwini nyumba akana mgaiwa, mkaziyo adzabwerera ku ufa woyera. Chakudya cholongosoledwachi ndi chabwino kwa ana ndi kwa akulu omwe, chotero nyumba yonse idyere pamodzi. Amai ambiri odwala nthendayi abereka ndithu atalandira chithandizo. Bungwe lipempha ankhoswe ndi apongozi kuti, asanaweruze mlandu wa banja losaona mwana, ayambe atumiza onse awiri, mwamuna ndi mkazi, ku chipatala.