Kompyuta ndi Munthu Woyamba Kuiphunzira

Munthu wamkulu akakhala patsogolo pa kompyuta tsiku loyamba, amaopa cinthu cimodzi: kuti akadina batani lolakwika, makina a mtengo wapatali aonongeka m'manja mwace. Mantha amenewa ngacabe. Kompyuta siithyoka cifukwa ca batani, ndipo colakwa ca m'malemba cimabwezedwa pogwira Ctrl ndi kudina Z. Coopsa ceniceni ciri pena, pamene woyambayo sayang'anapo.

Nchito ya manja siicedwa kuzolowereka. Malemba a pa kiyibodi sanaikidwe mwa dongosolo la A, B, C ai. Anatsata makonzedwe a makina otaipira a Christopher Latham Sholes, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Cifukwa cace mlembi wakale wa pa boma, amene anakalamba akutaipa makalata, apeza kuti zala zace zidziwa kale njira. Pa F ndi pa J pali timizere totukuka, ndipo pamenepo ndi pokhala zala zolozera, kuti maso akhale pa galasi. Ndiponso pali kacipangizo kochedwa mausi, ndiko kunena mbewa, kamene Douglas Engelbart anakaonetsa kwa anthu mu 1968. Anthu a kum'mawa, amene Abemba amawaseka cifukwa ca ndiwo imeneyi, sayenera kubvutika poigwira.

Tsono nkhani yaikuru ndi ya kusunga. Kompyuta iri ndi malo awiri oikamo zinthu. Oyamba, ochedwa RAM, ali ngati mphasa yoyanikapo cimanga pabwalo: kalata imene munthu akulemba imakhala pamenepo, poyera, pofikira manja. Aciwiri, ndiwo disiki, ali ngati nkhokwe. Magetsi akazima, zonse za pa mphasa zimapita monga zapita ndi mvula, koma za m'nkhokwe zimatsala. Kunyamula cimanga kucokera pa mphasa kupita m'nkhokwe ndiko kumene Azungu amati Save, ndipo kumacitika pogwira Ctrl ndi kudina S.

M'dziko la Zambia phunziro limeneli liri ndi kulemera kwace. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Wolemba kalata yofunsira nchito pa kompyuta ya pa tebulo, yopanda batire, akanataya masamba onse m'kuphethira kwa diso ngati sanasunge. Inde, mapulogalamu ena amasunga okha, koma si onse, ndipo woyamba sadziwa kusiyanitsa. Nkwabwino kuti asunge akangolemba mzere woyamba, nabwereze pakutha pa ndime iri yonse.

Posunga, kompyuta imafunsa zinthu ziwiri: dzina la kalatayo, ndi foda yoikamo. Apa ambiri amathamanga, nabvomera dzina liri lonse limene makina apereka, ndipo m'mawa mwace amafunafuna nchito yao osaipeza, nayesa kuti yatayika. Siinatayike, iri m'nkhokwe imene mwini wace sanaipenye poikamo. Dzina lonena za m'katimo pamodzi ndi tsiku, monga "kalata ya sukulu 12 Marichi", limapezeka msanga ngakhale patapita caka.

Amene amagwiritsa nchito kompyuta ya ku sukulu kapena ya m'sitolo ya intaneti akopere nchito yace pa flash, pakuti wobwera pambuyo pace angathe kuifafaniza osadziwa kuti iri ndi mwini.