Mseu wa Burma ndi Zipembedzo Ziwiri



Inu a ku Kabwata mumayenda pa mseu wa Burma masiku onse, ndipo mudziwanso kampu ya asilikali ya Arakan. Maina amenewa anadza ndi nkhondo, pakuti mu 1944 ndi 1945 asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenyana ndi Ajapani ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar. Kumeneko anaona akacisi a nsonga zagolide, ndi amuna ometa mpala akuyenda m'mamawa mbale zili m'manja, anthu nawapatsa mpunga. Amenewo ndiwo otsata Buddha, mwana wa mfumu dzina lake Gautama, amene anaphunzitsa ku India zaka ngati 500 Kristu asanabadwe.

Malamulo ao afanana ndi a Akristu: aletsa kupha, kuba, cigololo, bodza ndi kuledzera. Cifukwa ca ici ena amati zipembedzo ziwirizi n'cimodzi. Ine sindibvomereza.

Mkristu ati nthenda ya munthu ndiyo ucimo, kupandukira Mulungu amene anamlenga. Buddha sanaphunzitse za Mlengi ai. Iye anati nthenda ndiyo cilakolako, ludzu losatha. Pa tsiku la malipiro munthu agula njinga, koma mwezi usanathe mtima uli kale pa wailesi. Apa, abale anga, mkuluyo anapenya bwino.

Nanga adzamciritsa ndani? Inu a ku migodi, ganizani za munthu amene mwala wamtsekera pansi. Buddha afanana ndi mnzake amene anatulukamo kale, namlozera njira. Koma kukumba akumbe yekha, mwa makhalidwe abwino ndi kusinkhasinkha. Mkristu ati munthuyo alibe mphamvu yodzitulutsa, ndipo Yesu ndiye anatsikira pansi pomwepo kudzamnyamula.

Pa imfa asiyananso. Wa Buddha ati womwalira abadwanso, pabwino kapena poipa monga mwa nchito zake, kufikira moto wa cilakolako utazima. Kuzimako ndiko Nirvana. Mkristu ati munthu afa kamodzi, nayembekeza kuuka. Ndico cifukwa cake pa manda a ku Leopards Hill olira amayimba za kudzaonananso, pamene ku Burma ometa mpala aja amakumbutsa ofedwa kuti palibe cokhalitsa pansi pano.

Tsalani bwino.