Nyumba ya Boma Ikadontha, Akonze Ndani?

Lero tikambirane za nyumba za aphunzitsi, apolisi ndi azachipatala zimene tili nazo kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Linga mpaka ku Dwangwa. Timangoti "n'za boma", ngati boma ndi mlendo wochokera kutali. Zinamangidwa ndi misonkho yathu, ndipo zina njerwa zake tinaumba tokha.

M'mizinda nyumba zina zalendi ndi za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964. Kuno kumudzi nyumba imene timaidziwa bwino ndi ya aphunzitsi. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anachuluka, aphunzitsi analembedwa ambiri, koma nyumba sizinachuluke nawo. Zochepa zimene zilipozo tikazilekerera, mphunzitsi amakachita lendi kutali, nafika m'kalasi dzuwa litakwera. Wolangika ndi mwana wathu.

Udindo uli pawiri. Denga, makoma ndi chimbudzi ndi za mwini nyumba, kaya ndi boma, kaya ndi mishoni. Wokhalamo asamale zitseko ndi magalasi, achotse chiswe chikangoyamba, ndipo anene msanga chimene chaonongeka. Lendi ikhale yochepa bwanji, siyichotsa ufulu wake wogona pouma.

Chimene timalephera kwambiri ndi kuyendera. Kuno kunyanja mwera umagwedeza malata mpaka misomali kuzuka, chiswe chimadya mapaso mwakachetechete, ndipo dzenje la chimbudzi lokumba pamchenga siligwa mochenjeza. Tinaona mu 2024, madzi atasefukira ku Dwangwa, mmene khoma lonyowa limagwera msanga. Choncho komiti ya sukulu iziyendera nyumba iliyonse mu Seputembala, mwera utatha, mvula isanayambe. Iyenderenso mphunzitsi akamalowa ndi pamene akusamuka. Asangoima pakhomo n'kulonjerana ayi. Alowe, ayang'ane kudenga, agogode mapaso.

Zimene apeza azilembe, wokhalamo ndi wapampando asayine, aliyense asunge pepala lake. Dandaulo lapakamwa limaiwalika mphunzitsi wamkulu akasinthidwa. Ntchito ikakula, kalata ipite kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni ndi ku komiti ya chitukuko ya dera, kuti ikafike ku khonsolo, imene lamulo la maboma ang'ono la 1998 linaipatsa udindo wa chitukuko cha boma lathu.

Ndipo kumene lendi imatoleredwa pasukulu pomwepo, pamsonkhano wa makolo tifunse mwaulemu kuti yalowa ingati chaka chino, ndipo yagula malata angati.