Ululu wa Ombwe: Mawu Olankhulidwa kwa Alimi ndi Aphunzitsi ku Zomba

Lero ndifuna kulankhula za ombwe, chitsamba chimene ena amachitcha mthuthu, ndipo akatswiri amati Tephrosia vogelii. Ambiri a inu munachidzala m'minda kuti chibwezere chonde, monga analangizira a ku Makoka. Koma makolo athu anachidziwa kale ngati chophera nsomba.

M'masamba ake muli mankhwala a mtundu wa flavonoid. Amene amapha ndiwo rotenone ndi abale ake, deguelin ndi tephrosin; mu ombwe deguelin ndiye wochuluka. Chamoyo chilichonse chimapeza mphamvu pamene mpweya ukumana ndi chakudya m'timaselo ta m'thupi. Ululu umenewu umatseka njira imeneyo, ndipo chamoyocho chimafa ngati chatsamwitsidwa, chinkana mpweya ulipo. Nsomba imafa msanga chifukwa ululuwo umalowa m'magazi kudzera m'ziwalo zake zopumira.

Ndicho chifukwa chake kuthira ombwe mu mtsinje ndi kupusa. Susankha: umapha nsomba zazikulu, tiana tomwe, ndi tizilombo timene nsomba zimadya. Taganizani za Mulunguzi, wochokera pa Phiri la Zomba, mmene anaikamo nsomba za trout, ndipo tauni yonse imamwa madzi ake! Lamulo la za usodzi limaletsa kupha nsomba ndi ululu.

Malo ake oyenera ndi pa mbewu zosungidwa. Yanikani masamba pamthunzi, pakuti dzuwa limawononga ululuwo m'masiku ochepa. Sinjani, ndipo ufawo sakanizani ndi khobwe kapena nyemba kuti anankafumbwe afe. Posinja mangani nsalu pamphuno, ndipo tsukani mbewuzo musanaphike. Izi si zachibwana: mu 2000 akatswiri a ku America anaonetsa kuti makoswe opatsidwa rotenone nthawi yaitali anayamba zizindikiro za nthenda yonjenjemeretsa ya Parkinson.

Ena mwadandaula kuti ombwe wanu sagwira nchito. Mwina simunalakwe. Mu 2012 Philip Stevenson ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayesa ombwe wa m'Malawi muno: uli wa mitundu iwiri yofanana pamaso. Wina uli ndi ululu. Wina, pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi, uli ndi flavonoid zina zosapha anankafumbwe. Tsono yesani ufa pang'ono m'botolo lokhala ndi khobwe wofumbwa. Akafa anankafumbwe, tengani mbewu za chitsamba chimenecho, mugawireko anzanu.